Kodi a Viking ankamweradi mowa m'zibade za adani awo?

Mwezi uno talandira makalata anayi amene, ngakhale achokera kwa anthu osadziwana, onse akuloza kumaiko a kumpoto kwa Ulaya, omwe ndi Norway, Sweden, Denmark ndi Iceland, ndipo onse akukhudza mowa wa pa zikondwerero ndi mawu amene ankayenda nawo. Tawaika patsamba limodzi chifukwa yankho la funso lina likuunikira linzake.

FUNSO: Akonzi, ine ndine namwino ndipo ndagwira ntchito ku Norway kwa zaka ziwiri. Pa phwando la Khirisimasi la kuntchito kwathu aliyense ankakweza tambula yake n'kunena kuti "skål". Mnzanga wina wochokera ku England anandinong'oneza kuti mawuwa akuchokera ku liwu lotanthauza chibade, ati chifukwa makolo a anthuwa, ankhondo apanyanja aja otchedwa a Viking, ankamwera mowa m'zibade za adani amene awapha. M'tambula yanga munali madzi a zipatso chabe, koma anandikanika kumeza. Kodi zimenezi n'zoona? Ndine namwino wa ku Bergen.

YANKHO: Mayi, ulendo wina kwezani tambula yanu mtima uli m'malo, pakuti mnzanuyo wangokupatsirani bodza limene layenda zaka pafupifupi 400, ndipo sanalipeke ndi iye. Mawu akuti skål amatanthauza mbale yolowa, ndipo ngakhale lero anthu a ku Norway amatchula mbale zina za kukhitchini ndi dzina lomwelo. Kale mowa wa pa phwando unkathiridwa m'mbale yaikulu yosema imene inkachoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo, monga momwe chipanda chimazungulirira pakati pa anthu amene akhala pa mowa kumudzi, choncho munthu akati skål akungotchula chomweramo basi. Mwambo wawo wa kuyang'anana m'maso musanamwe ndiponso mukatha kumwa ndi ulemu wa patebulo, ndipo mulibe magazi a munthu m'menemo.

Bodzalo lili ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi lokoma kulimva chifukwa ndi nkhani ya omasulira amene anapunthwa pa chining'a. Alakatuli akale a kumpotoko sankakonda kutchula chinthu ndi dzina lake. Ngalawa ankaitcha kavalo wa panyanja, golide ankamutcha misozi ya Freyja, mulungu wamkazi amene nthano zawo zimati ankalira misozi ya golide posowa mwamuna wake, ndipo za msilikali amene wapha adani ambiri ankati wadyetsa akhwangwala. Mawu ophiphiritsa oterewa ankawatcha kenning, ndipo luso la mlakatuli linkaonekera pa momwe wawalukira. Tsono pali ndakatulo ina yotchedwa Krákumál, ya m'zaka za m'ma 1100, imene inaikidwa m'kamwa mwa ngwazi Ragnar Lodbrok pamene ankafa m'dzenje la njoka m'manja mwa mfumu Ælla ya ku Northumbria, kumpoto kwa England. M'menemo ngwaziyo ikudzitonthoza kuti posachedwa ikamwa mowa kunyumba ya mulungu Odin, ndipo zomweramo ikuzitcha mitengo yokhota ya pazibade. Funsani mwana aliyense woweta ng'ombe kuti n'chiyani chimamera pachibade chokhota ngati nthambi, ndipo adzakuyankhani musanamalize n'komwe kuti ndi nyanga.

M'chaka cha 1636 katswiri wa ku Denmark, Ole Worm, anasindikiza ndakatuloyi m'buku lake lonena za zilembo zakale za anthuwa, pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chilatini kumene anathandizidwa ndi m'busa wa ku Iceland, Magnús Ólafsson. Pomasulirapo mitengo yokhota ija inazimirira, panatsala zibade zokhazokha, ndipo panawonjezedwa ndemanga yakuti ngwazizo zinkayembekeza kukamwera m'zibade za anthu amene zinawapha. Popeza anthu ophunzira a ku Ulaya nthawi imeneyo ankawerenga Chilatini osati chinenero chakale cha ku Iceland, cholakwacho chinakoperedwa m'mabuku ena, kenako m'zithunzi, ndipo lero chafika m'khutu lanu pa phwando la ku Bergen.

Kunena chilungamo, m'nthano zawo muli malo amene chibade chinasandutsidwa chikho. Wosula zitsulo Völundr, amene mfumu ina inamudula mitsempha ya m'miyendo kuti asathawe, anabwezera popha ana aamuna a mfumuyo, n'kukuta zibade zawo ndi siliva, n'kuzipereka kwa bambo wawo. Komabe nthanoyo imasimba zimenezi monga chinthu chochititsa nthumanzi, osati monga mwambo wa pa phwando. Zomweramo za masiku onse zinali mbale zosema ndi nyanga za ng'ombe, ndipo apa tikunena nyanga zenizeni, osati zija za asing'anga. Nyanga ili ndi khalidwe limene aliyense amene anaigwirapo amalidziwa, lakuti ilibe pokhalira, kotero munthu akailandira yodzaza sangaikhazike pansi. Ayenera kuigugudiza kapena kuipereka kwa mnzake.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa Chichewa pa sukulu ya sekondale ndipo teremu ino ndili pa mutu wa zining'a ndi mikuluwiko. Ndikufuna kuonetsa ana kuti si ife tokha timaphiphiritsa polankhula. Ndinamva kuti alakatuli a ku Iceland ankatcha ndakatulo kuti "magazi a Kvasir". Kodi Kvasir anali yani, ndipo magazi akugwirizana bwanji ndi ndakatulo? Ndine mphunzitsi wa ku Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, mwasankha chitsanzo chabwino, chifukwa chining'a chimenechi sichimveka popanda nthano yake, ndipo munthu amene anatisungira nthanoyo anailemba pa chifukwa chonga chanu chomwecho. Iyeyu ndi Snorri Sturluson, mtsogoleri ndi mlembi wa ku Iceland amene anabadwa mu 1179 n'kuphedwa mu 1241 kwawo ku Reykholt. Cha m'ma 1220, pamene Iceland inali itakhala kale dziko lachikhristu kwa zaka zoposa 200, iye analemba buku lotchedwa Edda kuti achinyamata ofuna kulakatula amvetse zining'a za makolo awo, zimene sizikanamveka ngati nthano za milungu yakale zikanaiwalika.

Nthanoyo imati mafuko awiri a milungu, Æsir ndi Vanir, atatopa ndi nkhondo anapangana za mtendere, ndipo potsimikiza panganolo aliyense analavulira malovu mumtsuko umodzi. Posafuna kuti chizindikiro cha mtenderecho chitayike, milunguyo inaumba munthu ndi malovuwo, ndiye Kvasir, amene anali wanzeru kwambiri moti panalibe funso lomukanika. Iye ankayendayenda kuphunzitsa anthu mpaka anafika kwa tianthu tiwiri tatifupi, Fjalar ndi Galar, timene tinamupha, n'kukhetsera magazi ake mumphika umodzi ndi m'mbiya ziwiri, n'kusakaniza ndi uchi. Chimene chinatuluka ndi mowa wa uchi umene aliyense woumwa amasanduka mlakatuli kapena munthu wa nzeru zakuya. Milungu itafunsa za Kvasir, tianthuto tinayankha kuti watsamwa ndi nzeru zake zomwe, chifukwa panalibe munthu wodziwa kumufunsa mafunso oti nzeruzo zipeze potulukira. Yankho limeneli, aphunzitsi, lisungeni kuti mudzauze kalasi imene yangokhala duu osafunsa kanthu. Akatswiri ena amaganiza kuti dzina lakuti Kvasir ndi lachibale ndi mawu otchulira chakumwa chosasa, monga kvas wa ku Russia, ndipo ngati zili choncho ndiye kuti dzina lenilenilo linkanunkha kale mowa mwini wake asanaphedwe.

Tianthu tija tinaphanso chimphona china, Gillingr, ndi mkazi wake, ndipo Suttungr, mwana wa chimphonacho, anatigwira n'kukatisiya pathanthwe la m'nyanja limene limamira madzi akadzaza. Pofuna kupulumutsa moyo tinapereka mowa uja kuti ukhale dipo. Pamenepa ndi pamene pali chitsanzo chimene ine ndikanalemba pabolodi. Ndakatulo inkatchedwanso ngalawa ya tianthu tatifupi, ndipo chifukwa choyamba n'chakuti mowawo ndi umene unatiwolotsa kuchoka pathanthwe. Koma Snorri akupereka chifukwa chachiwiri, chakuti m'chinenero chawo liwu lakuti líð linkatanthauza mowa, pamene lakuti lið, losiyana ndi linzakelo pa kutalika kwa lembo la liwu kokha, linkatanthauza ngalawa. Mlakatuli ankayamba ndi mowa wa tianthu, n'kudumphira pa liwu lofanana nalo la ngalawa, kenako n'kuika dzina lina lililonse la chombo, ndipo womvera ankayenera kubwerera m'mapazi momwemo mpaka akafike pa ndakatulo. Ana anu akumvetsa zimenezi msanga mukawakumbutsa za mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, mawu amene timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu chabe. Tayerekezani mlakatuli wa kwathu akutcha kukwera kwa mitengo ya zinthu kuti nkhalango ya ogulitsa.

Suttungr anabisa mowawo m'kati mwa phiri lotchedwa Hnitbjörg n'kuika mwana wake wamkazi, Gunnlöð, kuti aulondere. Odin ataufuna anapita kwa Baugi, m'bale wake wa Suttungr, atadzisintha dzina. Anapeza antchito 9 akumweta udzu, anawanolera zikwakwa zawo, ndipo onse atasirira mwala wonolerawo anauponya m'mwamba, moti poulimbirana anadulana makosi. Kenako anadzipereka kugwira yekha ntchito ya anthu 9 amenewo nyengo yonse, malipiro ake akhale kumwako mowa uja kamodzi. Suttungr atakana ngakhale dontho, Baugi anaboola phirilo, Odin anasanduka njoka n'kulowa pabowo, ndipo anakhala ndi Gunnlöð usiku utatu mpaka mtsikanayo anamulola kupsontha katatu. Kupsontha koyamba kunaumitsa mphika, kwachiwiri ndi kwachitatu kunaumitsa mbiya zonse ziwiri. Apo anasanduka chiwombankhanga n'kuuluka, Suttungr ali pambuyo nayenso m'maonekedwe a chiwombankhanga, ndipo atafika kwa milungu inzake ku Asgard analavulira mowawo m'mitsuko imene inali itayalidwa pabwalo.

Pali kachigawo komaliza kamene ana anu sadzakaiwala. Poti Suttungr anali atatsala pang'ono kumugwira, Odin anatulutsira mowa wina kumbuyo, monga momwe mbalame imachitira ikadzidzimuka. Umenewo palibe anaulabadira, aliyense wofuna ankangodzitolera, ndipo Snorri akuti ndilo gawo la alakatuli achabechabe. Choncho mlakatuli wina akafuna kunyoza mnzake sankafunika kutukwana. Zinkangokwana kutchula mbali ya chiwombankhanga imene ndakatulo za mnzakeyo zinachokera.

FUNSO: Akonzi, ndine wophunzira za ubusa. M'phunziro la mbiri ya mpingo tinamva kuti anthu akale a ku Norway sankanena kuti kukondwerera Khirisimasi koma kumwa Khirisimasi. Kodi mawuwa anachokera kuti, ndipo mpingo unawalola bwanji? Ndine wophunzira wa ku Zomba.

YANKHO: Abusa a mawa, mawuwo ndi akuti drekka jól, ndipo analipo uthenga wa Khirisimasi usanafike kumeneko. Jól chinali chikondwerero cha pakati pa nyengo ya chisanu, pamene dzuwa limangosuzumira maola ochepa, ndipo dzina lake ndi limene maiko a kumpotowa amatchulira Khirisimasi mpaka lero. Odin yemwe anali ndi dzina lina lakuti Jólnir, lochokera ku chikondwererochi. Ndakatulo ina ya cha m'ma 900 yotamanda mfumu Harald Fairhair imati mfumuyo inkakonda kumwa jól ili panyanja kusiyana ndi kukhala m'nyumba kuwotha moto, ndipo umenewu ndi umodzi mwa maumboni akale kwambiri a mawuwa.

Mwana wa Harald, mfumu Hákon amene anadzatchedwa Wabwino, analeredwa ku England kunyumba ya mfumu Athelstan ndipo anabwerera kwawo ali Mkhristu. Malinga ndi mbiri ya mafumu imene analemba Snorri yemwe uja, Hákon anaika lamulo lakuti jól izichitika nthawi imodzi ndi Khirisimasi, kuti munthu aliyense azifulula mowa wa muyezo woikika wa chimera kapena alipe chindapusa, ndiponso kuti chikondwerero chizitha pokhapokha mowawo utatha. Mfumuyi sinaletse chikho, inangochisunthira pa tsiku lina. Zikho za pa phwando zinali ndi dongosolo lake: choyamba chinali cha Odin, kupempha chigonjetso ndi mphamvu za mfumu, kenako za milungu ina iwiri, Njörðr ndi Freyr, kupempha zokolola zabwino ndi mtendere, ndipo pambuyo pake panali zikho zokumbukira achibale amene anamwalira. Pa phwando lina la nsembe ku Hlaðir, dera limene lero lili mumzinda wa Trondheim, Hákon atapatsidwa nyanga yodalitsidwa m'dzina la Odin anachita chizindikiro cha mtanda pamwamba pake. Anthu atayamba kung'ung'udza, bwenzi lake Sigurðr, nduna ya deralo, linawatonthoza powauza kuti mfumu yajambula nyundo ya mulungu wawo Thor. Mtanda ndi nyundo zikajambulidwa m'malere ndi dzanja zimasiyana pang'ono zedi, ndipo tsiku limenelo mfumu inapulumukira pa kusiyana kochepako, ngakhale kuti pa jól yotsatira anthuwo anaikakamiza kumwa zikho zonse popanda mtanda.

Chikhristu chitakhazikika, malamulo a bwalo la Gulathing, kumadzulo kwa Norway, analamula kuti mlimi ndi mkazi wake azifulula mowa wa Khirisimasi n'kuudalitsa m'dzina la Khristu ndi Mariya, ndipo pempho lake linali lomwe lija la zokolola zabwino ndi mtendere. Wolephera ankalipa kwa bishopu, ndipo wolephera zaka zitatu zotsatizana ankatha kulandidwa chuma chake chonse. Maina a odalitsa anasintha, koma mawu a pempho anatsala momwemo.

Si Khirisimasi yokha imene inkamwedwa. Phwando la maliro linkatchedwa mowa wa cholowa, chifukwa wolowa m'malo sankakhala pampando wa bambo ake asanamwe chikho chowakumbukira, ndipo owerenga amene amadziwa malo a mowa pa bona sadabwa nazo. Phwando la kubadwa kwa mwana linkatchedwa barnsøl, kutanthauza mowa wa mwana, ndipo liwuli linafupika kukhala barsel, limene lero ku Denmark amatchulira tchuthi cha uchembere. Mayi wa ku Copenhagen amene akudzaza fomu yopempha tchuthi chimenechi amalemba dzina la mowa osadziwa.

Poti mukukonzekera kulalikira, pali kuseweretsa mawu kwina kumene kungakuthandizeni. Chikho chokumbukira akufa chinkatchedwa minni, kutanthauza chikumbukiro. Koma m'ndakatulo ya malangizo yotchedwa Hávamál, imene inasungidwa m'buku lolembedwa pamanja cha m'ma 1270, Odin akuchenjeza za mbalame ya m'madambo, yonga kakowa, imene imaima pamwamba pa anthu akumwa n'kuwabera nzeru, ndipo akuitcha mbalame ya óminni, ndiko kuti kuiwala. Mawu awiriwa akusiyana ndi kalembo kamodzi kotsutsa koikidwa kutsogolo, moti womvera ankazindikira kuti nyanga imene wanyamula pokumbukira bambo ake ndi yomweyo imene ingamuiwalitse dzina lake lomwe. Odin akuvomereza kuti nthenga za mbalameyo zinamumanga iye mwini kunyumba kwa Gunnlöð, ndipo akuti mowa si wabwino kwa ana a anthu monga momwe amautamira. Ine ndimaona kuti amene amajambula anthuwa ngati zidakwa zosadziletsa sanawerenge malangizo awo, chifukwa mulungu yemwe anaba mowa ndi yemwenso anachenjeza kwambiri za mowawo.

FUNSO: Akonzi, kwathu madzulo timakonda kuponyerana ndagi ndi adzukulu. Kodi anthu a kumpotowa analinso ndi ndagi, ndipo ilipo yonena za mowa? Ndine gogo wa ku Chipata.

YANKHO: Agogo, anali nazo, ndipo zotchuka kwambiri zili m'nthano ya mfumu Heiðrekr. Mfumuyi inalumbira kuti munthu aliyense woilakwira akhoza kumasuka ngati ataiponyera ndagi yoikanika. Munthu wina wotchedwa Gestumblindi ataitanidwa ku mlandu anachita mantha n'kupereka nsembe kwa Odin, ndipo Odin anavala maonekedwe a munthuyo n'kupita yekha kubwalo. Ndagi yake yoyamba inali yakuti akulakalaka chimene anali nacho dzulo, chinthu chimene chimapundula anthu, chimamanga lilime, komanso chimamasula lilime. Mfumu sinachedwe: inalamula kuti mlendoyo amupatse mowa, n'kufotokoza kuti mowa umalemaza nzeru za ambiri, ena umawasandutsa olongolola, pamene ena lilime limawapindika. Yesani kuiponya kwa adzukulu, ngakhale ndikukayika ngati achinyamata angaipeze msanga kuposa akuluakulu a pakhomopo.

Ndagizo zinapitirira, za nangula, za kangaude, za ng'ombe yaikazi, ndipo mfumu inamasula zonse mpaka mlendoyo anafunsa chimene Odin ananong'oneza m'khutu la mwana wake Baldr asanamuike pamoto wa maliro. Funso limeneli wodziwa yankho lake ndi mmodzi yekha, choncho mfumu inazindikira amene wakhala pamaso pake, ndipo mwaukali inasolola lupanga. Odin anasanduka kabawi n'kuuluka, lupangalo linangodula nthenga za kumchira, ndipo nthanoyo imati n'chifukwa chake kabawi ali ndi mchira waufupi mpaka lero.